Hafu teni, kuyambira pati?

Mabuku akale a kufakitale a injini ya Chevrolet 350 amati poseta mavalavu, ukachotsa mpata wonse pakati pa rocker (kachitsulo kopendama kotsegula valavu) ndi pushrod (kandodo kokankha rocker), umange nati ya rocker teni imodzi yathunthu. Mapepala ambiri obwera pamodzi ndi makamu ogula padera (kamu ndi shafiti yokhala ndi linunda lotsegulira valavu iliyonse) amati hafu teni, ena kupitirirako pang'ono. Anyamata amipikisano, amene injini zawo zimakhalira kukuwa, amati kota teni basi, ukawonjezera wapha mphamvu. Mkanganowu sumatha, ndipo ine ndinasiya kulowererapo, chifukwa onse atatu akhoza kukhoza ndipo onse atatu akhoza kuphonya. Teni payokha si muyeso. Imasanduka muyeso ukadziwa pamene wayambira kuwerenga komanso mazinga amene natiyo ikuyendapo. Mainjini ambiri amene amabwera akugogoda kapena akunjenjemera mu galaja imene ndimagwiramo kuno ku Johannesburg, nambala ya mateni imakhala yabwinobwino. Poyambira ndiye pamakhala polakwika.

Amene tinaphunzira umakaniko kumudzi tinaleredwa ndi kuseta matapeti. Unkatenga feeler gauge, nkulowetsa katsamba kake pakati pa rocker ndi valavu, nkusiya mpata umene buku lanena. Dzanja linazolowera kuti mpata uyenera kukhalapo, ukasowa valavu ipsa. Pa injini ya ma lifter a oyilo monga 350 (lifter ndi chitsulo chokhala pakati pa kamu ndi pushrod) nkhani ndi yotembenuka: mpata suyenera kukhalapo ngakhale pang'ono, ndipo umapitirira pamene mpata wathera nkupondereza kachitsulo kamkati mwa lifter. Kuponderezako ndi kumene amati preload. Feeler gauge ilibe ntchito apa, ndiye munthu wozolowera kuona nambala pa katsamba amangodalira zala, ndipo zala zimanama.

Injini ya Chevrolet imeneyi, ya masilinda asanu ndi atatu (V8), ndi ya ku America mpaka m'mafupa. Inatuluka mu 1955 ili ndi ma cubic inch 265, mkulu wa mainjiniya a Chevrolet nthawi imeneyo ali Ed Cole, ndipo ya 350 inayamba kuoneka mu Camaro ya 1967. Chimene chinaipepukitsa ndi kuitsitsa mtengo ndi ma rocker ake, nzeru imene inachokera kwa anzawo a Pontiac. M'malo mondandalika ma rocker onse pa shafiti imodzi, rocker iliyonse inali kachitsulo kodinda, kokhala payokha pa stud yake (bawuti yoimirira pa hedi), kakuyendera pa kampira kachitsulo kodula pakati, pamwamba pali nati. Ukamanga nati, rocker yonse imatsika. Ukamasula, imakwera. N'chifukwa chake valavu iliyonse mwa mavalavu 16 uyenera kuiseta payokha, ndipo ukhoza kulakwitsa iliyonse m'njira yakeyake.

Kuti kusetako kumveke, tiyambe tatsegula lifter. Kunja imaoneka ngati chitsulo chimodzi, koma mkati muli plunger, kapisitoni kakang'ono koyenda chokwera ndi chotsika, pamwamba pake kambale kokhalapo pushrod, pansi pake kasipuling'i kofewa ndi kampira kotseka njira ya oyilo. Kukamwa kuli kawaya kotchinga kuti plunger isatuluke. Lifter ikakhala pamsana wa kamu, pamene palibe linunda, oyilo amalowa nkudzaza kachipinda ka pansi pa plunger, kasipuling'i nkukankhira plunger m'mwamba mpaka mpata wonse utatha. Linunda la kamu likafika, kampira kamatseka, oyilo amasowa kothawira, ndipo lifter imalimba. Zili ngati jakisoni wodzaza madzi amene watseka kukamwa kwake ndi chala: kankha ndi mphamvu zako zonse, satsika. Koma dala anasiya kampata kakang'ono m'mbali mwa plunger kuti oyilo pang'ono azithawa nthawi iliyonse valavu ikatsegulidwa, ndipo kuthawa kumeneko ndi kumene kumalola lifter kudzikonza yokha zitsulo zikamafutukuka ndi kutentha.

Ntchito ya preload ndiye ndi kuika plunger pamalo poti ili ndi danga lokwera ndi lotsika. Ikakhala pamwamba penipeni, imamenya kawaya kaja nthawi iliyonse, injini imagogoda, ndipo tsiku lina kawayako kamathothoka nkugwera mu injini. Ikapanikizidwa mpaka pansi, lifter yasanduka chitsulo chouma chimene chagwira valavu kuti isatseke bwino. Injini imanjenjemera ikamalira galimoto itaima, kompuleshoni imathawa, ndipo valavu ya ekizozi, imene imataya kutentha kwake pokhudzana ndi mpando wake mu hedi, imapsa m'mphepete. Pakati pa ziwirizi malo ndi aakulu ndithu. Opanga ma lifter wamba ambiri amafuna preload ya pakati pa inchi 0.020 ndi 0.060, kapena titi kuyambira theka la milimita mpaka milimita imodzi ndi theka.

Anyamata a kota teni ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopusa. Injini ikakwera kwambiri mpaka masipuling'i a mavalavu kulephera kutsatira kamu, pamabwera kampata kwa kanthawi kochepa. Lifter sidziwa kuti kampatako n'kongodutsa. Imachita zimene inapangidwira: imadzaza oyilo nkutalika. Valavu ikabwerera imapeza lifter yatalika, nkulephera kukhala pampando, ndipo mphamvu zimazimiririka mpaka oyiloyo atathawa. Ngati preload inali yochepa, plunger ilibe kokwera kwenikweni, choncho vutolo limachepa. Komabe kwa ine uku ndi kuchiza chizindikiro. Muzu wake ndi masipuling'i ofooka kapena phazi lolemera, ndipo pa galimoto yoyenda mumsewu tsiku ndi tsiku, kota teni imangokupatsa injini yogogoda m'mawa.

Nanga ma roller rocker amasintha chiyani? Rocker ya kufakitale imakhuta pa kampira kake ndipo mphuno yake imakwekwesa pamutu pa valavu. Roller rocker yathunthu imayendera pa timabering'i tonga singano pakati, ndipo kumphuno kuli kagudumu. Otsatsa malonda amalonjeza mahatchi ambirimbiri, koma kunena zoona, gudumulo palokha silipatsa mphamvu zoti nkumva pampando. Phindu lake lenileni lili pena. Ndi masipuling'i olimba ndi kamu yaikulu, kampira ka rocker yakale kamatentha mpaka kuchita buluu, pomwe bering'i imapirira. Ndiponso ma rocker odinda, ngakhale amalembedwa kuti ndi 1.5, kutanthauza kuti valavu imatseguka msinkhu wa linunda kuchulukitsa ndi 1.5, ambiri safika pamenepo ndipo amasiyanasiyana, pomwe roller rocker yabwino imapereka nambala imene yalembedwapo. Ukasankha ya 1.6, kamu ya linunda la inchi 0.300 imene inkatsegula valavu 0.450 tsopano itsegula 0.480, ndipo mphamvu zowonjezereka zimachokera pamenepo. Ukatero uyambe waona ngati sipuling'i siikupanikizana mpaka kuthera, ngati pushrod siikukhudza m'mphepete mwa bowo lake mu hedi, komanso ngati valavu ndi pisitoni sizikuyandikana mopitirira.

Pa kuseta, chimene chimasintha kwambiri ndi nati. Nati ya kufakitale ndi yofinyidwa pamwamba, imadzigwira yokha pa mazinga, imalimba njira yonse. Roller rocker imabwera ndi poly lock, nati yaitali yoyenda mofewa, yokhala ndi kasikuluu ka Allen pakati kamene kamakakhala pamutu pa stud. Imazungulira ndi zala ziwiri, ndipo izi n'zabwino chifukwa umamva chilichonse, komanso n'zoopsa chifukwa palibe chokuletsa kupitirira. Musanaike poly lock, suzumirani mkati mwa rocker. Kachitsulo kapakati kamene stud imadutsamo kali ndi mbali ina yosalala, ina yozungulira. Yosalala iyang'ane kumwamba, ndiye mpando wa nati. Ikatembenuka, nati imakhala pa chozungulira, ndipo zimene mwasetazo sizikhalitsa.

Tsopano poyambira. Choyamba lifter iyenera kukhala pamsana wa kamu. Njira ya m'mabuku ndi yachidule: ika silinda 1 pamwamba pa kompuleshoni, seta mavalavu asanu ndi atatu, zungulitsa kulanki kamodzi kufika pa silinda 6, seta otsalawo. Pa kamu ya kufakitale imagwira. Pa kamu yaikulu, imene imatsegula valavu msanga nkuitseka mochedwa, ma lifter ena pamalo amenewo amakhala atayamba kale kukwera chitunda, ndipo ukaseta pamenepo, lifter ikadzabwerera pamsana udzapeza preload yachepa kapena yatheratu. Ine ndimayenda silinda imodzi imodzi. Ndimachotsa mapulagi kuti injini izizungulira mopepuka, nkuzungulitsa ndi dzanja kumene imayendera, maso ali pa ma pushrod awiri a silinda imeneyo. Valavu ya ekizozi ikangoyamba kutseguka, ndimaima nkuseta yolowetsa. Ndimapitiriza, yolowetsa ija itseguke mpaka kumapeto, iyambe kubwerera, ndipo ikatsala pang'ono kutsekeka ndimaima nkuseta ya ekizozi. Pa malo awiriwa lifter imene ukusetayo ili kutali ndi linunda, kaya kamu ndi yaikulu bwanji. Ena amatsata ndondomeko ya kuphulika, 1-8-4-3-6-5-7-2, kuti achepetse kuzungulitsa. Ine ndimangoyenda mzere umodzi kenako winawo, ndikulemba kachizindikiro ndi choko pa rocker iliyonse imene yatha, chifukwa foni ikalira pakati pa ntchito mutu suthandiza.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene injini zambiri zimafera, ndi kupeza pamene mpata wathera. Aliyense anaphunzitsidwa kuti uzipotokola pushrod ndi zala uku ukumanga nati, ikayamba kulimba ndiye wafika. Njirayi imagwira ngati lifter ili yodzaza oyilo. Lifter yatsopano kapena imene yakhala nthawi mulibe oyilo, ndipo chimene chagwira plunger ndi kasipuling'i kofewa kaja kokha. Pushrod yopakidwa mafuta, yokhala m'kambale kosalala ka roller rocker, imazungulirabe bwinobwino plunger ikutsika. Munthu amamangabe, akudikira kulimba, ndipo kulimbako kumabwera plunger itagunda pansi. Iye nkunena kuti apa ndiye ziro, pamene mpata wathera, nkuwonjezera hafu teni yake. Hafu teni imeneyo yatsegula valavu.

Mnyamata wina wa kwathu amene tikumuphunzitsa ntchito anandiitana tsiku lina ataima pa 350 yomanga kumene, ma intake, njira zolowetsa mpweya zimene zimavundikira ma lifter, asanaikidwe. "Achimwene, tabwerani muone, iyi ikungozungulirabe, natiyo ndamanga mateni angapo." Ndinamuuza kuti amasule mpaka rocker igwedere, adikire pang'ono plunger ikwere, kenako asiye kupotokola. "Igwire ndi zala ziwiri, uziikweza ndi kuitsitsa. Ukumva kakuti tiki tiki?" Anavomera. "Manga pang'onopang'ono ndi zala, sipanala ikhale pansi." Kaphokosoko kanayamba kufupika, kenako kanangoti zii, pushrod osakweranso kapena kutsika. Ndinamuuza kuti ayang'ane pansi, m'chigwa cha buloko, pa lifter yeniyeniyo. Kambale kanali kakadali kokhudza kawaya. Atatembenuza nati pang'ono chabe, kambale kanasiyana ndi kawaya, kampata kopyapyala nkuoneka pakati. "Ziro ndi pomwe unali paja, mphwanga. Apa wayamba kale preload." Pushrod inali ikuzungulirabe mosavuta m'zala zake.

Ngati ma intake ali kale pamalo pake, lifter simuiona, ndiye kukweza ndi kutsitsa kuja ndi kumene kungakupulumutseni. Ndipo za kupopa ma lifter atsopano mu chitini cha oyilo usiku wonse kuti alimbe, ine sindichita. Kuwanyika kuti anyowe palibe vuto. Koma lifter yopopedwa mpaka kuuma, ukaipatsa preload, imatsegula valavu m'malo motsitsa plunger, ndipo uyenera kudikira kuti oyilo athawe usanazungulitse injini.

Ziro ikapezeka, tiwerenge masamu amene ambiri sawerenga. Stud wamba ya 3/8 ili ndi mazinga 24 pa inchi, choncho teni imodzi imatsitsa nati inchi 0.042, pafupifupi milimita 1.06. Anthu ambiri amaima pamenepa nkunena kuti hafu teni ndi 0.021. Ayi. Nati ili pakati pa rocker, koma plunger ili kumapeto. Mbali ya valavu siyenda, chifukwa sipuling'i ya valavu ndi yamphamvu kuposa kasipuling'i ka mu lifter, ndiye mutu wa valavu ndi umene wasanduka pokhazikika. Pakati pakatsika, mbali ya pushrod, imene ili kutali ndi pokhazikikapo, imatsika koposa. Pa rocker ya 1.5 imatsika kuchulukitsa ndi 1.67. Teni imodzi ndiye ndi pafupifupi inchi 0.069 pa lifter, hafu teni ndi 0.035, kota teni ndi 0.017. Mukuona tsono kuti hafu teni imagwa pakatikati pa malire aja, kota teni ili m'munsi pang'ono, ndipo teni yathunthu ya kufakitale imakankhira plunger chapakati pa ulendo wake, zimene zinali zanzeru pa galimoto yoti iyende zaka osatsegulidwa.

Mahedi ambiri ogula padera amabwera ndi stud yonenepa ya 7/16, ya mazinga 20 pa inchi. Pamenepo teni imodzi ndi 0.050 pa nati, 0.083 pa lifter. Hafu teni ndi 0.042, ndipo makota atatu adutsa kale 0.060. Munthu amene wasintha mahedi koma akuwerengabe mateni a stud yakale wawonjezera preload osadziwa. Pa lifter wamba mwina sizioneka. Pa ma lifter amipikisano a ulendo waufupi, amene plunger yake imayenda pang'ono kwambiri, kusiyana kumeneko nkokwanira kuigunditsa pansi, ndipo pa amenewo pepala la wopanga ndiye lamulo, osati chizolowezi cha dzanja. Ndikakayika ndimaika dial gauge, choyezera chonga wotchi, pa rocker, kumbali ya pushrod, pa valavu imodzi yokha, nkuona ndi maso kuti hafu teni yanga ikupereka zingati pa injini imeneyo. Zotsalazo ndimatsata nambala imeneyo.

Kukhoma poly lock nakonso kuli ndi kachinsinsi kake. Ukangogwira nati ndi sipanala nkumanga kasikuluu ka Allen kokha, sikalimba mokwanira, ndipo kamadzamasuka injini ikutentha ndi kuzizira. Chochita ndi kuimitsa nati itatsala pang'ono kufika pamene ukufuna, kutsitsa kasikuluu mpaka kakhale pamutu pa stud, kenako nkutembenuza ziwirizo pamodzi, sipanala ndi Allen, kachigawo komaliza kaja. Umamva natiyo ikuluma. Osachita mokokomeza, poly lock imang'aluka. Mutu wa stud uyenera kukhala wosalala, apo ayi kasikuluu kamaluma mbali imodzi. Ndipo popeza ma poly lock ndi aatali, zivundikiro za kufakitale nthawi zambiri sizikwana. Ndaonapo anthu akusakasaka kugogoda mu ma lifter pamene ndi rocker ikumenya chivundikiro, chizindikiro chili mbee mkati mwake.

Mahedi a aluminiyamu amawonjezera kena. Aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha buloko. Injini ikatentha, hedi imakula nkunyamula stud ndi rocker kuzitalikitsa ku kamu, pomwe pushrod yachitsulo siikula mofanana. Preload imene unaika injini ili yozizira imachepa. Pa hafu teni sizidetsa nkhawa. Pa kota teni, ndi mahedi a aluminiyamu, ukhoza kupezeka uli pa kawaya injini ikafika pa kutentha kwake.

Pali msampha wina umene stud imabisa. Popeza nati imalola kupeza preload ndi pushrod ya utali uliwonse, munthu amaganiza kuti zonse zili bwino, pamene rocker yakhala mopendekeka. Hedi ikapalidwa, gasiketi ikasintha makulidwe, kapena kamu ikakhala ya msana waung'ono, utali wa pushrod uyenera kuunikidwanso. Ndimapaka inki ya maka pamutu pa valavu, nkuika rocker, nkuzungulitsa injini kangapo, nkuchotsa. Kagudumu kamasiya kamzere pamene kayenda. Kamzere kopyapyala, kokhala chapakati, ndiye kabwino. Kakakhala kotakata kapena kothawira m'mphepete, gudumu likukankha valavu cham'mbali ndipo gaidi ya valavu idzatha msanga. Poyesa izi lifter yopanda oyilo imanama chifukwa imabonyezeka, choncho pamafunika kasipuling'i kofewa koyesera pa valavu kapena lifter youma. Onaninso chimene chikuwongolera rocker kuti isapotoke. Mahedi ena ali ndi timbale towongolera ma pushrod, ndipo amafuna ma pushrod olimbitsidwa. Ena, monga a Vortec a 1996, amadalira rocker yokhala ndi timapewa togwira mutu wa valavu. Chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kukhalapo, koma zonse pamodzi zimalimbana mpaka china chithyoke.

Si V8 iliyonse imene ili ndi nati yosetera. Pa injini za Chevrolet zotchedwa LS, zimene zinayamba ndi Corvette ya 1997, rocker ya 1.7 imamangidwa ndi bawuti mpaka 30 Nm, basi. Preload imachokera ku utali wa pushrod, ndipo ya kufakitale ndi inchi 7.400. Ukasintha kamu, umayeza ndi pushrod yotalikitsika nkuitanitsa utali woyenera. Rover V8 ya mu Range Rover ndi Discovery zakale, imene amakaniko a kwathu amaidziwa bwino kuposa Chevrolet ndipo inachokera ku Buick, ili ndi ma rocker a pa shafiti osasetedwa. Mahedi ake akapalidwa preload imakwera, ndipo mankhwala ake ndi timashimu pansi pa mipando ya shafiti. Ambiri amangobwezeretsa osayeza, kenako nkumadabwa injini ikunjenjemera.

Zonse zikatha, ndimapopa oyilo ndi dirilo kudzera pa bowo la distributor mpaka aoneke pa ma rocker, kenako nkuliza. Ngati kamu ndi yatsopano ya ma lifter osalala pansi, injini siyenera kusiyidwa pansi: imafunika ikhale pa 2000 mpaka 2500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30 ndi oyilo wokhala ndi zinki wokwanira, ndiye n'chifukwa chake kuseta kuyenera kukhala kolondola isanalire, palibe mpata woima nkumakonza. Njira yakale yoseta injini ikulira, kumasula mpaka igogode nkumanga mpaka ikhale chete, imagwirabe pa ma rocker a kufakitale ngati suopa oyilo wotentha m'manja, koma ndi poly lock yofuna zida ziwiri pa rocker imene ikuvina, sindiona phindu lake.

Ma roller rocker a aluminiyamu ali ndi kaphokoso kawo kosalekeza, kofanana pa masilinda onse, ndipo mwini galimoto ayenera kuuzidwiratu kuti asabwerere mawa lake atakwiya. Kugogoda kwa valavu imodzi kumamveka padera. Kukabwera patapita masiku, osangothamangira kumanga nati. Yalani lula pamitu ya ma stud a mzere umenewo. Mahedi akale a kufakitale ali ndi ma stud ongokhomera, opanda mazinga kumunsi, ndipo masipuling'i olimba amawazula pang'onopang'ono, choncho imodzi ikatalika kuposa anzake, hediyo ikufunika ma stud omanga ndi mazinga. Ma stud akakhala ofanana koma valavu yomweyo ikufunabe kumangidwa kachiwiri ndi kachitatu, yezani mmene rocker yake ikutsikira poyerekeza ndi inzake, ndipo dulani fyuluta ya oyilo muone ngati muli tizitsulo. Kawirikawiri limakhala linunda la kamu likutha, ndipo teni iliyonse imene mukuwonjezera ikungotumiza zitsulo zambiri ku mabering'i a kulanki.